Lamba, tcheni, magiya kapena coupling: mphamvu ya injini ikafike bwanji pa makina?

Munthu akamagula chigayo, mtima wake wonse umakhala pa zinthu ziwiri: injini ndi ya mahosipawa angati, ndipo chigayocho chizigaya ndowa zingati pa ola. Za kampata kotsala pakati pa injini ndi chigayo amangoti makaniko akaonera komweko. Koma mukadzamva kuti chigayo cha pamsika chakhala chotseka masiku atatu, amayi akubwerera ndi mphale yawo pamutu, mukafunse bwino chomwe chafa. Kawirikawiri injini imakhala ili bwinobwino, nyundo ndi sefa zili bwinobwino. Chafa ndi cha pakampata paja: malamba apsa, pule (gudumu lomwe lamba amayendapo) yadyeka, kapena mabeling'i aphwasuka chifukwa wina anakoka malamba ngati akukunga ng'oma.

Nkhaniyi ndi imodzi paliponse pamene pali makina. Pali shafiti, chitsulo chozungulira chonyamula mphamvu, yomwe ikuzungulira chifukwa ili ndi mphamvu, ndipo pali ina yomwe tikufuna izungulire kuti itigwirire ntchito. Pa njinga ya kabaza ndi pakati pa mapedulo ndi tayala lakumbuyo. Pa makina a telala wapakhonde ndi pakati pa chopondera ndi mutu wa makina. Pa minibasi ndi kuchokera ku giyabokosi kukafika ku difu, bokosi la magiya lomwe lili pakati pa matayala akumbuyo. Njira zolumikizira mashafiti awiriwa ndi zowerengeka, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe imabereka mphamvu. Pule kapena giya imangosinthanitsa liwiro ndi nyonga: shafiti ikazungulira theka la liwiro la inzake, imapotokola ndi nyonga yowirikiza kawiri, kuchotsapo pang'ono pomwe patayika ngati kutentha ndi phokoso. Amene angakuuzeni kuti pule yaikulu isandutsa kainjini kakang'ono kukhala kamphamvu akukunamizani.

Mabuku a umisiri amati posankha muone mtunda wa pakati pa mashafiti, liwiro lomwe mukufuna, ndiponso ngati mashafitiwo ali moyang'anizana kapena akumana pakona. Zonsezo n'zoona. Ine ndimaonjezapo funso lina lomwe kwathu kuno limalemera kuposa enawo: tsiku lomwe makinawa adzatsamwe, chiyambe kugonja n'chiyani, ndipo chinthu chogonjacho chimagulidwa kuti?

Lamba

Kale m'mafakitale a nsalu ku England, injini imodzi ya nthunzi inkazunguza shafiti yaitali yodutsa kudenga, ndipo malamba achikopa afulati ankatsika kuchokera pamenepo kupita ku makina aliwonse. Lamba yemwe timamudziwa lero pa zigayo, wokhala ngati chilembo cha V mukamudula, anabwera mu 1917 ndi John Gates wa kampani ya labala ya ku Denver, ku America. Nzeru yake ndi yosavuta. Lambayu sagwira ndi pansi pake ayi, amagwira ndi m'mbali. Amalowa mu ngalande ya pule n'kudzipanikiza yekha pakati pa zipupa ziwirizo, moti amakoka katundu wolemera osafuna kumukunga kwambiri ngati wafulati uja.

Chomwe chimapangitsa lamba kulamulira pa zigayo ndi masamu ake. Chigayo cha nyundo chimafuna kuzungulira maulendo cha m'ma 3,000 pa mphindi, zina kuposerapo, kuti chimanga chiphwanyike n'kudutsa pa sefa. Koma mota zambiri zazikulu zoyendera magetsi a ESCOM zimazungulira maulendo pafupifupi 1,450, ndipo injini za dizilo za silinda imodzi zochokera ku China zimathera pa 2,000 kapena 2,200. Apa ndiye mapule amagwira ntchito yake. Chulukitsani liwiro la mota ndi kukula kwa pule yake, yankho lake mugawe ndi kukula kwa pule ya chigayo. Mota ya 1,450 yokhala ndi pule ya mamilimita 300, yokoka pule ya mamilimita 140, izunguza chigayo maulendo 3,100 ndi kanthu. Injini ya 2,200 ingofuna pule ya mamilimita 200 kuti ifikitse chigayo chomwecho pomwepo. Mawa mukasintha injini, simugwetsa nyumba. Mugula pule ina basi.

Koma mapule nawo ali ndi malire omwe anthu ambiri amawalumpha. Malamba wamba ali m'magulu: A ndi wa mamilimita 13 m'lifupi pamwamba pake, B ndi wa 17, C ndi wa 22. Nambala yotsatira chilembocho, monga B72, imanena kutalika kwa lambayo m'mainchesi. Lamba wokhuthala safuna kupindidwa kwambiri. Wa B akamayenda pa pule yochepera mamilimita 125 amatentha m'kati n'kuyamba kung'ambika pansi, ndipo wa C amafuna pule ya mamilimita 200 kupita m'mwamba. Ndiye munthu wofuna liwiro akachepetsa pule ya chigayo mopitirira, liwiro amalipezadi, koma malamba amagula mwezi ndi mwezi. Kukulitsa pule ya injini mopanda malire nakonso n'koopsa, chifukwa lamba wamba akadutsa mamita 30 pa sekondi amayamba kudzitukula m'ngalande, ndipo pule yachitsulo chosungunula ingathe kusweka.

Tsopano chilema cha lamba, chomwe kwa ine ndi ubwino wake waukulu: amaterera. Ngakhale wokungidwa bwino amataya pang'ono, moti pa mphamvu 100 zochoka ku injini, zofika ku chigayo zimakhala cha m'ma 95, ndipo akakhwepa zimatsika ndithu. Mumazimvera ku dizilo. Komatu chimanga chobwera kuchigayo sichibwera chokha. Mumabwera timiyala, misomali, nthawi zina bawuti yathunthu yomwe inagwera m'thumba pokolola. Chitsulo chikatsamwitsa nyundo, chinachake chiyenera kugonja m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Pakakhala malamba, amalira, kununkha labala, wogayitsa n'kuthamangira kukazimitsa. Mwina lamba mmodzi wapsa. Shafiti ili bwino, mota ili bwino. Lambayo mukamupeza pa hadiweya ya paboma tsiku lomwelo, ndipo mumunyamula m'thumba la jekete.

Zophera malamba n'zodziwika, ndipo pafupifupi zonse ndi zamanja a anthu. Ndinaonapo mwini chigayo wina ali ndi malamba anayi, mmodzi ataduka anagula mmodzi yekha kuti asunge ndalama. Akale aja anali atatanuka kale, watsopanoyo anali wothina, ndiye katundu yense wa malamba anayi anasenza yekha. Sanathe sabata ziwiri. Malamba oyenda pamodzi amasinthidwa onse nthawi imodzi, a kampani imodzi, a nambala imodzi. Akale omwe akadali ndi moyo mukhoza kuwasunga kuti adzakupulumutseni tsiku lina, koma onse pamodzi monga analili. China ndi kulowetsa lamba mokakamiza ndi sikuludiraiva m'malo momasula mabawuti a mota n'kuikankhira pafupi. Ulusi wa m'kati umaduka pomwepo ngakhale kunja kukuoneka bwino. Yang'ananinso pansi pa ngalande ya pule: pakayamba kunyezimira, ndiye kuti zipupa zadyeka, lamba wakhala pansi, ndipo ngakhale mumukunge bwanji aterera basi. Pamenepo chofunika ndi pule yatsopano, osati mphamvu zokokera.

Za kukunga, lamulo lomwe opanga malamba amapereka ndi lakuti mukadinikiza pakatikati ndi mphamvu yomwe alemba, lamba alowe mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mpata wa pakati pa mapule. Lamba watsopano amatanuka m'masiku oyambirira, choncho mumubwerere pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo ikani chingwe kapena chitsulo chowongoka pankhope za mapule onse awiri muone ngati ali pamzere umodzi. Lamba woyenda chopendekera amadyeka mbali imodzi, nthawi zina kugudubuzika m'ngalande. Oyilo ndi dizilo asamukhudze n'komwe.

Malamba afulati sanatheretu. Injini zakale za Lister za mtundu wa CS, zopangidwa ku Dursley ku England, zomwe amisiri a ku India anazikopera n'kumazipangabe, zimazungulira pang'onopang'ono, maulendo 650 pa mphindi, ndipo ena amazilumikiza ku makina ndi lamba wafulati wodutsa pa gudumu lolemera la injiniyo. Lamba wotere amatha kulumikiza mashafiti otalikirana mamita angapo, ndipo mukamupingasa pakati shafiti yachiwiri imazungulira chobwerera. Amakhazikika chifukwa pule yake imakhala yotukuka pang'ono pakati. Nanga kalamba kachikopa kobulungira ka makina a telala? Kakatanuka, telala amadulako kachidutswa, kuboola ndi msomali, kulumikizanso ndi kawaya, ntchito n'kupitirira kasitomala akadali pabenchi. Palibe njira ina m'nkhani ino yomwe imakonzeka msanga chotero.

Tcheni

Tcheni sichiterera. Dzino lililonse la sprocket, gudumu la mano lomwe tcheni chimayendapo, limalowa m'bowo lake, moti mukawerenga mano mwadziwiratu liwiro ndendende. Tcheni cha timagudumu chomwe timachiona pa njinga anachikonza Hans Renold, mmisiri wobadwira ku Switzerland yemwe ankagwira ntchito ku Manchester, mu 1880. Patangopita zaka zisanu, mu 1885, John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover ya matayala awiri yokokedwa ndi tcheni kumbuyo, ndipo njinga zonse zomwe zikunyamula makala, nkhuni ndi anthu m'misewu yathu ndi zidzukulu zake. Mpaka lero mtunda wa pakati pa timisomali ta tcheni cha njinga ndi theka la inchesi, mamilimita 12.7.

Wakabaza aliyense amadziwa masamu a mano ngakhale sanawalembepo. Tinene kuti kutsogolo kuli mano 44, kumbuyo 18. Akapalasa kamodzi, tayala lizungulira kawiri ndi pafupifupi theka, ndipo pa tayala la mainchesi 28 njinga iyenda mamita asanu ndi kanthu. Pachigwa ngati ku Salima kapena ku Chikwawa zimenezo zili bwino. Koma wonyamula matumba a mbatata m'zitunda za ku Dedza akaika ya mano 22 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumuyendetsa mamita anayi ndi theka osakwana, miyendo n'kupepukidwa. Mphamvu zake ndi zomwezo. Wangogulitsa liwiro n'kugula nyonga.

Apa ndi pamene tcheni chimaposa lamba: liwiro lochepa, katundu wolemera. Lamba amadalira kugwirana kwa labala ndi chitsulo, ndiye pa shafiti yozungulira pang'onopang'ono yokoka katundu wamkulu pamafunika malamba ambiri okungidwa kwambiri, mabeling'i n'kumavutika. Tcheni chimodzi chopyapyala chimagwira ntchito yomweyo chili chokhwepa pang'ono. Chothiridwa oyilo bwino chimafikitsa mphamvu pafupifupi 98 pa 100 zilizonse, n'chifukwa chake munthu, yemwe mphamvu zake ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi injini, amayendetsa njinga ndi tcheni. Chimafupikitsidwa kapena kutalikitsidwa pochotsa kapena kuonjezera mfundo, ndipo sichiopa kutentha kapena oyilo. M'makina odzalira mbewu, m'makina onyamulira katundu m'mafakitale, ndi pa njinga zamoto, tcheni chili kwawo.

Mdani wake ndi fumbi. Anthu amati tcheni chatanuka, koma chitsulocho sichitanuka ayi. Ndi timisomali ta m'mfundo tomwe tadyeka, mfundo iliyonse n'kukhala ndi kampata, timipata tonse pamodzi n'kutalikitsa tchenicho. Fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi oyilo wakuda wotsala ku injini, yemwe ambiri amakonda kupaka, chimapangika ndi phala lonolera. Tcheni chotalika chimayamba kukwera pamwamba pa mano, mano n'kusongoka ngati minga ya mthethe, kenako chimavuka pachitunda muli ndi pasinjala. Pa makina a m'fakitale amachitaya chikatalika ndi magawo atatu pa 100. Pa njinga yopalasa ndi bwino kuchisintha chisanafike ngakhale gawo limodzi. Ndipo tcheni chatsopano pa mano akutha ndi ndalama zotaya, monganso lamba mmodzi uja: pa njinga yamoto gulani tcheni ndi masprocket onse awiri. Chitsukeni ndi palafini, chiume, ndiye muthire oyilo woyera pang'ono m'mfundo, osati kumwamba kokha.

Ena amafunsa kuti bwanji osaika tcheni pa chigayo kuti dizilo asatayike ndi kuterera kwa malamba. Musayese. Pa maulendo 3,000 tcheni chapoyera chimamwaza oyilo wake wonse m'mphindi zochepa, chimasokosera, chimatentha, ndipo gaga ndi ufa zimamatirira paliponse pali mafuta. Choopsa kwambiri n'chakuti sichidziwa kugonja. Msomali ukatsamwitsa nyundo, tcheni chimaduka n'kukwapula aliyense ali pafupi, apo ayi chimathyola kiyi, kachitsulo komanga sprocket pa shafiti, kapena kupinda shafitiyo. Makina omwe amayendera tcheni pa katundu woti angathe kutsamwa amawaikira kabawuti kofewa dala, koti kaduke koyamba. Kakaduka, ikani kofanana nako. Amene amaikapo bawuti yolimba kuti isamadukeduke wachotsa mlonda pachipata.

Magiya

Magiya ndi a mashafiti oyandikana, ndipo pa ntchito yawo palibe chowapikisa. Magiya awiri a mano owongoka, osemedwa bwino, osambira mu oyilo, amataya mphamvu imodzi kapena ziwiri zokha pa 100, ndipo amatha zaka zambiri osawakhudza. Amatenga malo ochepa, amanyamula katundu yemwe lamba kapena tcheni sizingayerekeze. Zitsulo zofinyira nzimbe m'mafakitale a shuga, ngati a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zimazungulira maulendo owerengeka chabe pa mphindi koma ndi nyonga yoopsa, ndipo liwiro la chozunguza limatsitsidwa kudzera m'magiya akuluakulu. Kumbukirani kuti magiya awiri olumana amazungulira mosemphana. Mukafuna kuti shafiti yachiwiri ilowere komwe ikulowera yoyamba, pamafunika giya yachitatu pakati.

Ndi magiyanso omwe amakhotetsa mphamvu pakona. Mu difu ya minibasi, kagiya kakang'ono kochokera ku pulopela, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi, kamazunguza giya yaikulu yopita ku matayala, ndipo nzeru yomweyo ili m'mutu mwa galainda ya wowotcherera. Pali mtundu wina wokhala ngati sikuluwu yozunguza gudumu la mano, womwe uli mu mota ya mawaipa a galimoto ndi m'makina ena okwezera katundu. Umenewu umatsitsa liwiro kwambiri pa sitepe imodzi, ndipo nthawi zambiri katundu sangauzunguze chobwerera, koma umataya mphamvu yochuluka chifukwa mano ake amakhulana m'malo mogubuduzana. Ukagwira ntchito tsiku lonse umatentha.

Vuto la magiya kwa munthu wakumudzi si kufooka. Ndi lakuti sakhululuka ndipo sakonzeka pansi pa mtengo wa mango. Mashafiti ayenera kukhala pamtunda weniweni, osaphonya ngakhale kagawo ka milimita, zomwe zimafuna bokosi losemedwa pa makina, osati felemu yowotcherera pamsika. Oyilo akadontha osaonedwa, mano amatha m'maola ochepa. Dzino limodzi likathyoka, chidutswa chake chimazungulira m'bokosimo n'kuswa anzake. Giya yolowa m'malo iyenera kufanana ndi yakale pa kukula kwa dzino, chiwerengero ndi kapendekedwe, ndipo ngati makinawo anachokera kunja opanda wogulitsa zipangizo zake kuno, mudikira miyezi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Giyabokosi yabwino yomwe zipangizo zake zili kutsidya la nyanja singapose pule yomwe ili pa shelefu ku Limbe kapena ku Malangalanga.

Kulumikiza maso ndi maso

Ngati mashafiti awiri akufuna liwiro limodzi, njira yosataya mphamvu ndi kuwaika pamzere umodzi n'kuwagwirizanitsa ndi coupling, cholumikizira nsonga za mashafiti awiriwo. Jenereta ndiye chitsanzo chake. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho jenereta yaing'ono ya petulo iyenera kuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi, zazikulu za dizilo 1,500, ndipo injini amaipanga kuti iziyenda pa liwiro lomwelo, popanda lamba pakati. Ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi chimodzimodzi: gudumu lozunguzidwa ndi madzi ndi jenereta yake zili pamzere umodzi. Mapampu ambiri othirira amalumikizidwanso chotero.

Coupling yolimba, ya zitsulo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti, imafuna kuti mashafiti alunjikane ndendende. Akaphonyana pang'ono, makina amanjenjemera, mabeling'i amatentha, pampu imayamba kudontha pa silo, chotsekera madzi pomwe shafiti imalowera mu pampuyo. N'chifukwa chake zofala ndi zokhala ndi labala pakati, ina yokhala ngati nyenyezi yolowa pakati pa mano a zitsulo ziwiri, ina yokhala ngati katayala. Labalayo amameza kugwedezeka ndi kuphonyana kochepa, ndipo ndi amene amayamba kutha. Mukaona tizidutswa ta labala pansi pa coupling, musangosintha labala. Onani ngati mota sinasunthe pa maziko ake.

Zilipo zigayo zolumikizidwa chotere ku mota ya maulendo pafupifupi 2,900. Zimaoneka zaudongo, zimatenga malo ochepa, palibe lamba wogula. Ndingazivomereze pokhapokha pali switch yabwino yozimitsa mota yokha katundu akapyola, yoikidwa pa mlingo woyenera, komanso maginito otola zitsulo pakamwa pa chigayo. Popanda zimenezo, chogonja choyamba ndi mawaya a m'kati mwa mota, ndipo mtengo womangitsanso mota mugula nawo malamba a zaka zambiri. Liwironso simungalisinthe. Lomwe mota yabwera nalo ndi lomwelo.

Pulopela ndi shafiti ya thirakitala

Nanga ngati mashafiti ali kutali, osalunjikana, ndipo imodzi ikudumphadumpha? Ndi mmene zilili pansi pa lole kapena minibasi, pomwe difu imakwera ndi kutsika ndi mabampu. Pamenepa pamagwira pulopela, chitsulo chachitali chokhala ndi mfundo ya mtanda mbali zonse ziwiri. Mfundoyi azungu amaitchula ndi dzina la Gerolamo Cardano wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500, ena ndi la Robert Hooke wa ku England. Mfundo imodzi yotere ikapindika, shafiti yotuluka imathamanga ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Yachiwiri ndi yomwe imafafaniza vutolo, koma pokhapokha mafoloko a mbali ziwiri za chitsulo chapakati ali pamzere umodzi. Makaniko akasolola pulopela n'kuibwezera molakwitsa dzino limodzi kapena awiri, galimoto imayamba kunjenjemera, mwini wake n'kumasintha matayala osalakwa. Ikani chizindikiro cha penti musanamasule.

Kumbuyo kwa thirakitala kuli kashafiti ka mano 6 kozungulira maulendo 540 pa mphindi, ndipo zazikulu zina zili ndi ka mano 21 ka maulendo 1,000. Ndi mlingo wogwirizana pa dziko lonse, moti makina otchetchera, opopera mankhwala kapena osenda chimanga a kampani ina amalowa pa thirakitala ya kampani ina. Maulendo 540 akumveka ochepa poyerekeza ndi chigayo, koma ndi kasanu ndi kanayi pa sekondi imodzi, ndipo kumbuyo kwake kuli injini yonse ya thirakitala popanda lamba woti aterere. Nsonga ya malaya ikangokodwa, munthu alibe nthawi yokuwa. Chikuto chapulasitiki chophimba shafiti chikasweka, shafitiyo isagwire ntchito mpaka china chipezeke.

Lamba wa mano

Uyu ndi mwana wa lamba ndi tcheni. Ndi walabala, safuna oyilo, sasokosera, koma ali ndi mano ndipo saterera. Ambiri timakumana naye mu injini ya galimoto, momwe shafiti yotsegula mavalavu iyenera kuzungulira kamodzi pamene ya mapisitoni yazungulira kawiri, osaphonya dzino. Injini za dizilo za 3L ndi 5L za Toyota Hiace zimayendera lamba wotere, pamene 1NZ ya mu Sienta ndi Probox ili ndi tcheni chosambira mu oyilo. Tchenicho chimachenjeza, chimayamba kulira injini ikamadzuka m'mawa, ndipo chimakhalitsa ngati oyilo akusinthidwa panthawi yake. Lamba sachenjeza. Amasinthidwa potengera makilomita omwe opanga alemba, pa injini zambiri cha m'ma 100,000, ndipo pa injini zina akaduka mapisitoni amakumana ndi mavalavu. Mukagula galimoto yakale yomwe mbiri yake simuidziwa, musinthiretu. Pa chigayo lamba ameneyu alibe ntchito, chifukwa wataya chinthu chimodzi chija chomwe timafunira lamba.

Ndikanakhala ndikumanga chigayo mawa kutali ndi tauni, ndikanaika malamba a B atatu kapena anayi malinga ndi kukula kwa injini, pa mapule achitsulo okula mokwanira, injini itakhala pa njanji zoti izitha kukankhidwa ndi mabawuti pokunga. Seti ina ya malamba ndikanaipachika pa msomali m'chipinda chamthunzi, kutali ndi dizilo, nambala yake nditailemba ndi penti pakhoma. Tcheni ndikanachisiyira makina oyenda pang'onopang'ono, ngati chokwezera matumba, ndipo pampu yotungira madzi oziziritsa injini ndikanaipatsa kalamba kake ka A kuchokera pa pule yapambali. Kenako wowotcherera akanandipangira chikuto cha waya wa sefa chophimba malamba onse kuyambira pule mpaka pule, chomasuka ndi mabawuti awiri kuti wogayitsa asamachitaye pakona chifukwa chovuta kubwezera. Pa chigayo pamadutsa amayi ovala zitenje, ana otumidwa ndi ndowa, ndiponso ena owerama kuti awole ufa wogwera pansi pafupi ndi pule, ndiye chikutocho chifike mpaka pa simenti.